Tisanasenze sipuleya, tiyambe tamudziwa gulugufe amene watera m'dimba

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndiikire kumbuyo agulugufe, amene kuno ku Dedza ndi kwa anansi athu a ku Ntcheu akusenza mlandu umene sanapalamule. Mvula ikangokhazikika, agulugufe oyera ndi achikasu amadzaza m'madimba kuyambira ku Bembeke, kudutsa pa Lizulu mpaka ku Tsangano. Pakapita masabata awiri mlimi amapeza kabichi wabowoka, chimanga chadyeka mumtima, ndiye amagamula kuti aja ankauluka masana aja ndiwo aikira mazira. Mawa lake sipuleya ili kumsana, mankhwala akugwera ponseponse, ndi pa maluwa a m'malire omwe. Ndalama yapita, njuchi zafa, koma mbozi zikadalipo, chifukwa amake a mbozizo sanali pagulu la ouluka masana aja.

Mbozi ya chimanga imene inalowa mu Africa mu 2016, n'kuchititsa boma lathu kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, amake ndi kadziotche wotuwa wouluka usiku, amene masana amabisala m'masamba. Amaikira mazira mulu, 100 kapena 200 malo amodzi, n'kuwakuta ndi ubweya wa pamimba pake. Mbozi yake imadziwika ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, komanso timadontho tinayi takuda tokhala mwa ngodya zinayi chakumchira. Wobowola kabichi ndi repu nayenso ndi kakadziotche kosakwana sentimita imodzi m'litali, ndipo kambozi kake kobiriwira kamaphiriphitha mukakakhudza, n'kugwa kakulendewera pa kaulusi. Tuta, kambozi ka m'tomato, komanso kambozi kolowa m'mbatata ya kachewere, onsewo amake ndi tiakadziotche totuwa ta usiku, timene mlimi angathe kukolola osationako ndi kamodzi komwe. Amene akufuna kuteteza mbewu ayambe waphunzira kuona, ndipo kuonako kuli ndi njira yake.

Poyambira ndi pa tinyanga. Gulugufe wa masana ali ndi tinyanga tiwiri towonda tokhala ndi kachibonga kunsonga. Kadziotche tinyanga take timangosongoka, kapena timakhala ta mphonje m'mbali monse. Zina zimene anthu amanena, zakuti gulugufe amatera atapinda mapiko m'mwamba pomwe kadziotche amawayala, kapena kuti wokongola ndiye gulugufe, zimathandizako koma zimanamiza kawirikawiri. Alipo akadziotche owala bwino amene amauluka dzuwa likuswa mtengo. Aliponso gulugufe wabulawuni wofanana ndi tsamba louma, Melanitis leda, amene amayamba kuuluka chisisira ndipo nthawi zina amalowa m'nyumba kutsata nyale. Maina ndilemba a sayansi, osati pofuna kudzionetsa, koma kuti amene ali ndi foni athe kufufuza zithunzi pa intaneti n'kuyerekeza ndi chimene waona.

Mukatsimikiza kuti ndi gulugufe, musathamangire utoto wa mapiko, poti ambiri amasokerera pomwepo. Yezani kaye kukula ndi maso, kuchokera kunsonga ya phiko ili kufika kunsonga ya linalo atatambasula. Bokosi la machesi ndi lotalika pafupifupi masentimita 5, ndiye dzifunseni ngati ndi wochepera bokosi, wofanana nalo, kapena wokwana mabokosi awiri. Kenaka onani kaulukidwe. Wouluka mwaulesi, osalabadira za mbalame, nthawi zambiri ndi wowawa m'kamwa mwa mbalamezo, kapena akungonamizira kuwawa. Wa thupi lonenepa, wodutsa ndi liwiro m'mwamba mwa mitengo n'kubwerera pa nthambi yomwe ija, kawirikawiri ndi Charaxes. Wamng'ono wa mutu waukulu, wouluka modumphadumpha, wa tinyanga topindika kunsonga, ndi wa banja la Hesperiidae, ndipo ameneyu ambiri amamuyesa kadziotche. Akatera, werengani miyendo. Onse ali ndi miyendo 6, koma banja lalikulu la Nymphalidae limaimira inayi yokha, iwiri yakutsogolo ndi yaifupi yopindira pachifuwa. Oyera, achikasu ndi akuluakulu a m'mandimu amaimira yonse 6. Onaninso kunsi kwa mapiko, chifukwa pali mitundu yofanana pamwamba imene imasiyana kunsi kokha.

Chomera ndiye mboni yaikulu, koma musasokoneze zinthu ziwiri. Duwa limene gulugufe akumwapo siliuza zambiri, poti amamwa paliponse pamene pali timadzi totsekemera, ndipo kamlomo kake kakatali kopindika sikatha kuluma tsamba. Chofunika ndi chomera chimene wamkazi akuikirapo mazira. Mudzamuzindikira: amazungulira pamasamba osati pamaluwa, amatera, amagogoda tsamba ndi miyendo poti amalawira kumapazi, kenaka amapinda mimba n'kusiya dzira. Mtundu uliwonse uli ndi zomera zake zowerengeka zimene mbozi zake zimadya, ndipo mukaziika pa chomera china zimalolera kufa ndi njala. N'chifukwa chake gulugufe woyera akhoza kuswera tsiku lonse pamwamba pa kabichi wanu, akumwa m'maluwa a chisoso a m'mizere, popanda kusiya dzira ndi limodzi lomwe pa kabichiyo.

Malawi ili ndi mitundu ya agulugufe yoposa 400, koma obwera pakhomo tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Pamene pali mandimu, malalanje kapena manachesi sipasowa Papilio demodocus, wamkulu wa masentimita pafupifupi 10, wakuda mwabulawuni wa mawanga ndi mizere yachikasu chotuwa, wokhala ndi timaso tiwiri pa phiko lililonse lakumbuyo, kena kofiira ndi buluu. Akamamwa m'duwa saleka kukupiza mapiko. Mazira ake ndi obulungira, amaikira limodzilimodzi pa masamba anthete. Mbozi ikali yaing'ono imafanana ndi chitosi cha mbalame, yakuda ndi zoyera, koma ikafundula komaliza imasanduka yobiriwira. Mukaikhudza imatulutsa kuseri kwa mutu tinyanga tiwiri tofewa tonunkha. Sitiluma, ndi toingitsira adani basi. Okhala kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, phiri la Dedza, Mua-Livulezi kapena Dzonzi-Mvai ku Ntcheu ayembekezerenso abale ake awiri. Papilio nireus ndi wakuda bii, wa lamba wabuluu wobiriwirako wodutsa mapiko onse. Papilio dardanus wamwamuna ndi wachikasu chotuwa, wa mphepete zakuda ndi timichira tiwiri, pomwe akazi ake alibe michira ndipo amavala mosiyanasiyana potsanzira agulugufe owawa.

Nkhani ya kutsanzirayi ndi yofunika kuimapo pang'ono. Wa olenji wa nsonga zakuda zodutsidwa ndi mzere woyera, amene amauluka modekha m'minda pafupifupi chaka chonse, ndi Danaus chrysippus, wa masentimita 7 kapena 8. Mbozi yake ya mizere yakuda, yoyera ndi yachikasu, yokhala ndi tizingwe 6 pamsana, imadya zitsamba zotuluka mkaka mukazithyola, monga chija chobala zipatso zofufuma za tiubweya chimene a sayansi amati Gomphocarpus. Poizoni wa mu mkakawo amatsalira m'thupi mpaka mbozi itasanduka gulugufe, ndipo mbalame imene yamulawa kamodzi sibwerezanso. Wamkazi wa Hypolimnas misippus, amene mbalame zikanatha kumudya bwinobwino, amapulumukira kuvala chimodzimodzi. Kuti muwasiyanitse yang'anani phiko lakumbuyo. Danaus ali ndi timadontho takuda titatu pakati pa phiko, wamwamuna tinayi, pomwe wotsanzirayu ali ndi banga limodzi chakumphepete kwa m'mwamba, ndipo m'mphepete mwa phiko lake ndi mwa manomano. Mwamuna wake simungamuganizire n'komwe kuti ndi mtundu umodzi: ndi wakuda, wa mawanga oyera obulungira ozunguliridwa ndi buluu wonyezimira, ndipo amadikira pa tsamba n'kumathamangitsa aliyense wodutsa.

Oyera ndi achikasu, amene ndiwo akunamiziridwa kwambiri, ndiwadutsa mwachangu. Catopsilia florella ndi wopitirira pang'ono bokosi la machesi, amauluka mwamphamvu ndi molunjika, wamwamuna woyera mobiriwirako, wamkazi woyera kapena wachikasu, ndipo mbozi zake zimadya masamba a mitengo ndi zitsamba za banja la kesha. A Belenois ndi oyera a mphepete zakuda, kunsi kwa mapiko mitsempha yake imaoneka yojambulidwa, ndipo mbozi zawo zimakulira pa zitsamba za kutchire za kumalo ouma. Zaka zina agulugufe oyerawa amadutsa miyandamiyanda m'dzinja, onse kulowera mbali imodzi kwa masiku angapo. Ndi apaulendo amenewo, amangomwa n'kupitirira, ndipo kuwapopera mankhwala n'kutaya ndalama. Tachikasu ta mphepete zakuda touluka m'munsi mwa maondo ndi Eurema. Oyera ouluka pang'onopang'ono m'mwamba mwa mitengo, a timadontho takuda tondandalika m'mphepete, ndi Mylothris, ndipo amaikira pa zomera zija zimamera ndi kuyamwa pa nthambi za mitengo ina. Pabwalo posesedwa bwino pamakonda kutera a Junonia atayala mapiko: hierta wachikasu ndi zakuda wa banga labuluu, ndi oenone wakuda wa banga labuluu lalikulu ndi timizere toyera.

Chosocheretsa kwambiri kwathu kuno kumapiri ndi nyengo. M'dzinja, m'malo a udzu ndi miyala, mumaona gulugufe wofiira mwa olenji wa mphepete zakuda, wa masentimita 5 kapena 6. Kuzizira kukayamba iye uja amasowa, n'kubwera wina wakuda mwabuluu wa mzere wa timadontho tofiira, amene madzulo amaunjikana ndi anzake m'mapanga, m'maenje a m'mbali mwa msewu, ngakhale pansi pa denga la khonde. Awiriwa ndi mtundu umodzi, Precis octavia. Akatswiri omwe ankawayesa mitundu iwiri mpaka mu 1898 pamene katswiri wa tizilombo Guy Marshall anaweta mazira a wofiira n'kutulukamo wabuluu. Chimene chimagamula ndi kutentha kumene mbozi ndi chikwa zakuliramo, ndipo posinthana nyengo mumatha kupeza wa pakatikati, wofiira pena, wabuluu pena. Tiagulugufe tabulawuni touluka mumthunzi, ta mtundu wa Bicyclus, timachitanso zomwezo: ta m'dzinja tili ndi timaso tikulutikulu kunsi kwa mapiko, ta m'chilimwe timaso timachepa mpaka kutsala timadontho, kuti tisaoneke pa masamba ouma. Ambiri sadziwa kuti zambiri zimene dziko lapansi laphunzira pa nkhaniyi zachokera kwa agulugufe a kwathu konkuno. Bicyclus anynana amene anatengedwa ku Nkhata Bay mu 1988 ndiwo anayambitsa gulu loweta pa yunivesite ya Leiden ku Netherlands, ndipo mbozi zake zikaleredwa pa madigiri 27 zimatulutsa a timaso tikulutikulu, zikaleredwa pansi pa madigiri 20 zimatulutsa a timadontho. Onjezanipo kuti gulugufe wokalamba amasuluka, mapiko amang'ambika, pena amakhala ndi bala la mlomo wa mbalame. Choncho tsiku limene mwamuona lizilembedwa nthawi zonse.

Nthawi yoonera imatsata kutalika kwa malo. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga ya phiri lake ili pa 2,198, pomwe Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje zili m'munsi motentha. Gulugufe amadalira dzuwa kuti atenthetse thupi, ndipo minofu yake youlukira imafuna madigiri pafupifupi 30. Mu Juni ndi Julayi kumtunda kuno musadzivute 10 koloko isanakwane, ndipo pofika 3 koloko masana ambiri akhala atakagona. Mu Okutobala kuchigwa amadzuka 8 koloko isanakwane, masana n'kubisala mumthunzi. Miyezi yabwino koposa ndi Malichi, Epulo ndi Meyi, mvula ikamapita maluwa akali ambiri. Tsiku la mphepo funani kuseri kwa mpanda kapena kwa nthochi. Pomuyandikira yendani pang'onopang'ono, muwerame, ndipo chithunzithunzi chanu chisamugwere, chifukwa mthunzi wodutsa mwadzidzidzi kwa iye ndi mbalame. Pojambula ndi foni yambani muli patali, kenaka sunthani phazi limodzi n'kujambulanso, mpaka athawe yekha. Muyesetse kupeza chithunzi cha pamwamba ndi cha kunsi. M'mamawa akamaothera dzuwa ndiye nthawi yabwino yojambula, poti amakhala asanachangamuke. Kumugwira n'kosafunika: fumbi lotsalira m'zala lija ndi timamba ta mapiko ake ndipo sitimeranso. Kumbukiraninso kuti kutenga zamoyo m'nkhalango za boma kumafuna chilolezo.

Kuwaitanira pakhomo sikulira ndalama. Maluwa a zinnia, cosmos ndi marigold amachita bwino kuno, koma abzaleni mothithikana, malo osachepera mita imodzi uku ndi uku, padzuwa komanso potchingika mphepo. Duwa limodzi apa lina apo saliona. Sankhani maluwa oonekera pakati, chifukwa aja odzaza timasamba mpaka pakati amakhala ndi timadzi tochepa ndipo kamlomo ka gulugufe sikafikapo. Chisoso chosiyidwa m'malire, deliya wa m'mipanda ndi mpiru wosungira mbewu zimagwira ntchito yomweyo. Lantana amawakokadi agulugufe, palibe angatsutse, koma musamubzale. Mbalame zimamwaza njere zake, amalanda malo odyetsera ziweto, ndipo masamba ake amadwalitsa ng'ombe.

Amuna a mitundu yambiri amaunjikana pa matope, pamadooko ndi pamene ng'ombe zakodza, kufuna mchere. Pakhomo tengani beseni lakale losazama, mudzaze mchenga wa kumtsinje, muthire madzi osungunulamo kasupuni kamodzi ka mchere pa malita 5, muike padzuwa ndi miyala iwiri yoterapo. Mchenga ukhale wonyowa chabe. Madzi akayandama pamwamba agulugufe satera, ndipo mwaweta udzudzu. Masiku otsatira muzingowonjezera madzi opanda mchere, chifukwa madzi amauma koma mchere umatsala, ndipo ukachuluka amaleka kubwera.

A Charaxes ndi abulawuni a mumthunzi sasamala za maluwa, amafuna zipatso zoola, utomoni wa mitengo ndi ndowe. Nyambo yawo ndi iyi: nthochi 4 kapena 5 zopsa mpaka kuda, masupuni awiri a shuga ndi kapu imodzi ya masese kapena thobwa losasa. Kanyani pamodzi, muike m'chigubu, musiye pamalo ofunda masiku awiri kapena atatu. Musatseke chivindikiro kolimba, poti mpweya wa kuwirako umatupitsa chigubu mpaka kuphulika. Pakani masupuni atatu kapena anayi pa kambale, mupachike pa nthambi mamita awiri kuchokera pansi, pamene dzuwa likulowa mwa apo ndi apo, kutali ndi ana ndi nkhuku. Nyerere zikatsata chingwe, pakani girisi pachingwepo. Mavu ndi ntchentche zibwera ndithu, ndiye nyamboyo isakhale pakhonde. Ikauma siinunkhanso, muziwaza timadzi kapena kusintha pakapita masiku awiri. Charaxes akamwa nyamboyi amaledzera, ndipo mumatha kumuyandikira mpaka kuona timichira take ndi mizere ya kunsi kwa mapiko, zimene ali m'mwamba simungazione.

Njira yothetsa mkangano wonse wa "mbozi iyi amake ndani" ndi kuiweta mpaka isanduke. Dulani pamwamba pa chigubu cha malita 5, yalani pepala pansi, ikani kanthambi ka chomera chomwecho chimene mwaipezapo, ndi kamtengo kouma koimirira. Vundikirani ndi kansalu kopyapyala komanga ndi mphira. Apa ndichenjeze kwambiri: musadule neti ya udzudzu kuti muvundikirire, chifukwa maneti a kuchipatala ndi onyikidwa m'mankhwala ndipo mbozi imafa. Chimodzimodzi masamba ochokera pamene papoperedwa posachedwa. Ngati kanthambiko mwakaimika m'kabotolo ka madzi, tsekani kukamwa kwa botolo ndi thonje, apo ayi mbozi imatsika n'kumira. Sinthani masamba ndi kutaya zitosi tsiku lililonse, chifukwa chinyontho ndi zitosi zimabweretsa nkhungu ndi matenda. Chigubu chikhale pamthunzi powala, osati padzuwa. Mbozi ikaleka kudya n'kungokhala duu kwa tsiku limodzi, musaigwedeze, ikufundula. Ikayamba kuyendayenda kusiya masamba, ikufuna pokhalira chikwa.

Chikwa nacho chimauza banja. Cha wa m'mandimu ndi cha oyera chimaimirira mutu m'mwamba, chomangirira kumchira ndi kaulusi kena kodutsa m'chiuno. Cha Danaus ndi cha Junonia chimalendewera chozondoka, ndipo cha Danaus chili ndi timadontho tonyezimira mwa golide. Mbozi imene yalowa m'dothi kapena yadzikulunga mu ulusi wambiri, kawirikawiri mwaweta kadziotche, ndiye mukamaweta ya m'chimanga muike dothi lokwana masentimita 5 pansi pa chigubu. Wa m'mandimu amatenga masiku osakwana sabata ali dzira, masabata atatu kapena anayi ali mbozi, ndi masabata awiri kapena atatu ali m'chikwa, koma kuzizira kwa kuno kumatalikitsa zonsezi, ndiye musataye chikwa msanga. Akatuluka amafuna polendewera momasuka kuti apope madzi a m'thupi kulowa m'mitsempha ya mapiko, n'kuuma kwa maola awiri kapena kuposerapo. Akasowa pogwira kapena akagwa pansi, mapiko amauma okwinyika ndipo saulukanso. Timadzi tofiirira timene amadontheza si magazi, ndi zotsalira za m'chikwa. Nthawi zina m'malo mwa gulugufe mumatuluka ntchentche kapena timavu ting'onoting'ono. Sikuti mwalakwitsa: tizilomboto tinaikira mazira m'thupi mwa mbozi isanatoledwe, ndipo ndi tomweto timene timachepetsa mbozi m'minda tikapanda kuphedwa ndi mankhwala. Ana asagwire chiyabwe ndi manja, ndipo wothyola chitsamba cha mkaka chija asambe m'manja asanagwire m'maso.

Sindikunena kuti agulugufe onse ndi oyera mtima. Wa m'mandimu amatha kumaliza masamba a mbande za ku nazale ndi timitengo tongowokedwa kumene. Koma mankhwala ake ndi maso ndi zala: yenderani mbande kawiri pa sabata, yang'anani nsonga zanthete, chotsani mazira ndi mbozi, ndipo ngati muli ndi mtengo waukulu zisamutsireni kumeneko, poti mtengo wokhwima sumva kanthu ndi mbozi zingapo. Kagulugufe kabuluu ka masentimita atatu, Lampides boeticus, ka timizere toyera kunsi ndi timichira towonda, kamaikira pa maluwa a nsawawa, nandolo ndi nyemba zina, ndipo kambozi kake kamadyera m'kati mwa makoko. Agulugufe ena ofiirira a madontho akuda a mtundu wa Acraea, ouluka mwaulesi, amaikira mazira mulu pa magalagadeya, ndipo apo kuthyola tsamba limodzi la mazira kumapulumutsa mpesa wonse. Amenewa ndi owerengeka, ndipo aliyense ali ndi mbewu yakeyake. Palibe mwa iwo amene amalowa mumtima mwa chimanga.

Kupopera kukafunikadi, kuyambe ndi kuyendera munda: malo asanu osiyana, mbewu 10 pamalo aliwonse, kuti muone chimene chilipo ndi kuchuluka kwake. Poperani madzulo kopanda mphepo, njuchi ndi agulugufe atapita, pamenenso mbozi za m'chimanga zimayamba kudya. Lozetsani pa mbewu yokhayo, osati pa maluwa a m'malire, ndipo zotsala mu sipuleya zisatayidwe pampanda kapena m'khwawa. Nimu ndi ombwe nazonso sizisankha mbozi, ndiye lamulo ndi lomwelo. Moto wa tchire wa osaka mbewa mu Ogasiti ndi Sepitembala nawonso umawononga kwambiri, chifukwa nthawi imeneyo zikwa zili pa udzu ndi m'zitsamba, ndipo agulugufe a m'chilimwe, amene amapirira miyezi ingapo kudikira mvula, amabisala m'masamba ouma. Kangodya kamodzi ka munda kosiyidwa kosatentha, kosasesa ndi kosapopera kamathandiza kwambiri.

Amene afuna kupitirira apa awerenge. Njira yowerengera agulugufe imene katswiri wina, Ernest Pollard, anayambitsa ku Britain m'zaka za m'ma 1970 ndi yosavuta: sankhani kanjira kamodzi, muziyendamo kamodzi pa sabata, nthawi yofanana, mayendedwe ofanana, n'kumalemba okhawo amene ali mamita awiri ndi theka kumanja, awiri ndi theka kumanzere ndi 5 kutsogolo. Wa kumbuyo musamuwerenge, mwina ndi yemwe uja mwalemba kale. Pakhomo pang'ono ndi bwino kungoima malo amodzi mphindi 15, n'kulemba chiwerengero chachikulu cha mtundu uliwonse chimene mwaona nthawi imodzi. M'kope mulembe tsiku, ola, malo, dzuwa kapena mitambo, mphepo, chomera ndi chimene gulugufe amachita. Zimene zimaononga kaundula wotere ndi kusinthasintha ola, kuwerenga tsiku la mitambo n'kuyerekeza ndi la dzuwa, ndiponso kulemba dzina longoganizira. Amene simunamuzindikire mulembeni kuti "woyera wosadziwika" kapena "kabuluu kosadziwika". Pa iNaturalist, pulogalamu yaulere ya pa foni yozindikirira zamoyo, mumaika chithunzi ndi malo, kompyuta imapereka dzina loyerekeza, kenaka anthu odziwa amatsimikiza. Dzina la kompyutalo musalimeze msanga, makamaka pa a Acraea ndi tiagulugufe tabuluu, timene timafanana kwambiri.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limagwira nawo ntchito m'sukulu, ndi kwa alangizi a zaulimi a m'madera athu. Zigubu ziwiri pawindo la kalasi kapena pa munda wachitsanzo, china cha mbozi ya m'chimanga, china cha mbozi ya m'mandimu, zingaonetse alimi ndi ana m'masabata ochepa kuti amake a mbozi iliyonse ndani. Inunso Akonzi, mukanatipatsa kangodya kamodzi pamwezi kosindikizapo zithunzi za owerenga, tikanathandizana kutchula maina. Wotumiza chithunzi azilemba tsiku, mudzi ndi boma, kukula kwa gulugufeyo poyerekeza ndi bokosi la machesi, ndi dzina la chomera chimene anamupezapo.

Ine wanu,
Mlangizi wa zaulimi wopuma ntchito,
Bembeke, Dedza